Gold Reef City, Liwonde kapena phiri lathu lomweli: ana tipite nawo kuti?

Sukulu zikangotsekera, pakhomo nyimbo imakhala imodzi: "Adadi, holide ino tipita kuti?" Malo atatuwa ndinafikako ndi ana anga, ndiye makolo anzanga a kuno ku Zomba, imvani mmene ndinawaonera.

Gold Reef City, paki ya masewera ndi zokwera ya ku Johannesburg, ndi yokoma, sindingakane. Anaimanga pamene kale panali mgodi wa golide. Pa Tower of Terror amakukwezani m'kangolo, kenako n'kukuponyani chamutu kulowa m'dzenje, mtima kuchita kufika pakhosi. Pa Anaconda miyendo imangoti lendelende m'malere. Wanga wamkulu, wa zaka 15, anatsika akunjenjemera koma akuti abwerezenso. Ine chinandikhudza n'china. Titatsikira pansi mumgodi, zipewa zolimba kumutu, ndinakumbuka agogo anga amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za m'migodi, ndipo ndinauza anawo kuti mdima ngati uwu ndi umene unagula malata a nyumba ya kumudzi ija. Anakhala chete.

Koma ulendowo ndi wolemera. Basi yochokera ku Blantyre imadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka ku Beitbridge, ndipo mumagona panjira, ana atatupa mapazi. Mwana aliyense afunika pasipoti yakeyake, ndipo chilichonse mumalipira m'marandi, pomwe kwacha yathu chigwereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 siinadzukenso. Chinanso, pa zokwera zikuluzikulu amayeza msinkhu, ndipo n'koyenera kutero. Wanga wamng'ono anatsala pansi atagwira chikwama cha mkulu wake, misozi ili m'maso. Mwana wosafika msinkhu wofunikawo mumamulipirira ulendo wonse kuti akaonerere anzake.

Ku paki ya nyama ya Liwonde ndi ola limodzi pa msewu wa M3, ndipo ife Amalawi pageti timalipira zochepa kuposa alendo akunja. Bungwe losamalira nyama la African Parks linayamba kuyang'anira pakiyi mu 2015, mikango n'kuibweretsanso mu 2018. Mkango mwina simuuona, nyama siipangana ndi munthu. Koma kwerani boti pa Shire chakumadzulo: mvuu inafwenthera pafupi ndi ife mpaka madzi kutiwaza, ng'ona zili yasa! pamchenga, njovu zikutsikira kudzamwa ndi tiana tawo. Wamng'ono uja mpaka lero amatsanzira kulira kwa mvuu posamba. Mungopewa kutentha kwa mu Okutobala.

Phiri lathu ndiye losaboola m'thumba. Damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, ndi Emperor's View pomwe mumaona Nyanja ya Chilwa ndi Mulanje kukayera bwino. Mpunga ndi nkhuku mumaphika kunyumba, sitiroberi mumagula m'mbali mwa msewu pokwera. Vuto lake, mwana wa ku sekondale akuyankhani kuti anapitako kale ndi sukulu.

Ine ndikuti, Gold Reef City muipitire ngati ku Joni muli kale ndi chokuitanirani, kaya kukaoda katundu kapena kukaona achibale oti mukagone kwawo, komanso ana atakula. Kutenga ngongole kuti mukakhale tsiku limodzi pa zokwera, ayi, musatero. Chaka chino ife tibwerera ku Liwonde, ndipo ulendo uno tikagona komweko kuti tilowe m'paki mbandakucha.