Minoxidil, finasteride, kuwokera tsitsi kapena mpala: kuyerekeza njira zolimbana ndi dazi

Wometa wanga wa pamsika wa Ulongwe ndi amene anayamba kundiuza, zaka zinayi zapitazo, kuti paliwombo panga payamba kuwala, ndipo ndinamutsutsa mpaka pamene anatenga foni yanga n'kundijambula chakumbuyo. Chithunzi chimenecho ndidakali nacho. Kuyambira nthawi imeneyo anzanga a ku Domwe, a ku Tsangano ndi ena ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize akhala akundifunsa kuti mankhwala amphamvu kwambiri ndi ati, koma ine ndaona kuti funso lothandiza n'lakuti ndi njira iti imene munthu angakwanitse kuitsatira kwa zaka zambiri osalekeza, chifukwa dazi silichira monga amachirira malungo.

Dazi limene tikukamba pano ndi la kumtundu, ndipo limachokera kuchimuna ndi kuchikazi komwe. M'thupi, mahomoni achimuna a testosterone amasandulika kukhala mahomoni ena otchedwa DHT, ndipo mwa anthu amene anabadwa nalo vutoli, DHT imafooketsa timizu ta tsitsi ta pachipumi ndi paliwombo pang'onopang'ono, monga kaufiti amachitira ndi chimanga. Tsitsi limodzi limakula kwa zaka 2 mpaka 6, kenako limapuma pafupifupi miyezi itatu n'kuthothoka, ndipo pamalo pake pamamera lina. Kwa munthu wa dazi, lomera kumenelo limakhala lopyapyala ndi lalifupi kuposa loyamba, mpaka pamatsala ubweya wosaoneka. Mu 1942 wofufuza wina dzina lake James Hamilton anasonyeza kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sankachita dazi, ndipo pamenepa m'pamene panadziwikira kuti mutu wa nkhani ndi mahomoni. Choncho chisoti cha kumgodi, chipewa, kapena kusenza katundu sizibweretsa dazi la mtundu umenewu, ngakhale kuti anthu amazinena kwambiri. Zoti dazi ndi chizindikiro cha chuma timazinena moseka, koma mu 2017 apolisi anachenjeza amuna a dazi anthu ena ataphedwa m'chigawo cha Zambezia chifukwa cha bodza lakuti m'mitu mwawo muli golide, kotero nthabwala imeneyi ine ndinaisiya.

Musanawononge metikali ngakhale imodzi, tsimikizirani kuti vuto lanu ndi dazi ndithu. Chipere chimayabwa, chimafundula khungu ndipo chimafuna mankhwala akumwa ochokera kuchipatala. Timabwalo tozungulira tosalala totuluka mwadzidzidzi ndi matenda ena. Amayi ambiri amene tsitsi lawathera m'mbali mwa chipumi lawathera chifukwa cholukitsa mothina kwambiri kwa zaka zambiri, ndipo ena limawathothoka miyezi ingapo atabereka kapena magazi akachepa m'thupi. Zonsezi finasteride, piritsi la dazi la kumtundu, sangazithetse.

Mukatsimikiza, yambani kujambula. Zithunzi zikhale zinayi, cha kumaso, cha pamwamba, cha paliwombo ndi cha m'mbali, pamalo amodzimodzi, nthawi imodzimodzi ya tsiku, tsitsi lili louma ndiponso lili pamlingo wofanana, mwachitsanzo masiku asanu ndi awiri mutameta ndi nambala yomweyo ya makina. Bwerezani pakatha miyezi itatu iliyonse. Kalilole amanama chifukwa mumadziona tsiku ndi tsiku, ndipo kuwerenga tsitsi la pachipeso n'kudzivutitsa chabe, popeza munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku. Poyeza kukula kwa dazi la amuna, madokotala amagwiritsa ntchito muyeso umene Hamilton anakonza mu 1951 ndipo O'Tar Norwood anauwonjezera mu 1975, wokhala ndi magawo 7, pamene wa amayi ndi wa Ludwig wa mu 1977, wa magawo atatu. Zithunzi za miyeso imeneyi zimapezeka pa intaneti, ndipo kudziwa gawo lanu kumathandiza kwambiri, chifukwa mankhwala amagwira bwino pa gawo 2 mpaka 4 kusiyana ndi pa gawo 6 kapena 7 pamene timizu tambiri tinafa kale.

Minoxidil poyamba anali mankhwala akumwa a kuthamanga kwa magazi, ndipo odwala ataona kuti akumera ubweya wambiri, anakonzedwa kukhala opaka n'kuvomerezedwa ku United States mu 1988 pa dzina la Rogaine. Amapezeka a mphamvu ya 2% ndi 5%, ndipo amadzi amapakidwa mililita imodzi kawiri patsiku, pakhungu la m'mutu osati patsitsi. Ntchito yake ili ngati ya feteleza: amatalikitsa nyengo ya kukula kwa tsitsi ndi kulinenepetsa, koma DHT saikhudza. Masabata oyambirira tsitsi limathothoka kuposa kale, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya botolo poganiza kuti awagulitsa chinyengo, chikhalirecho n'tsitsi lakale limene likupereka malo kwa latsopano. Zotsatira zimaoneka pakatha miyezi 4 mpaka 6, makamaka paliwombo. Mankhwalawa amafuna maola pafupifupi anayi ali pakhungu asanatsukidwe, ndipo kwa ife a kumtunda kozizira kuno ku Angonia zimenezo n'zosavuta, koma munthu wogwira ntchito padzuwa la mumzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala amangowataya m'thukuta, kotero kupaka kwa usiku ndi kumene angakudalire. Ena amawayabwa m'mutu, ndipo amene amasunga amphaka adziwe kuti mankhwalawa amatha kupha mphaka akangonyambita pang'ono. Palinso madokotala amene masiku ano amapereka minoxidil wakumwa pamlingo wochepa, koma popeza amakhudza mtima ndi magazi ndipo amatha kutupitsa miyendo, umenewo si mankhwala oti munthu adziyambire yekha.

Finasteride amalimbana ndi gwero lenileni. Anayamba mu 1992 ngati piritsi la 5 mg la amuna ovutika kukodza chifukwa cha kukula kwa prostate, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, ndipo mu 1997 la 1 mg linavomerezedwa kuti lizithandiza pa dazi. Piritsi limodzi patsiku limachepetsa DHT ya m'magazi ndi magawo pafupifupi 70 pa 100, ndipo pa kafukufuku amene anachitika asanalivomereze, amuna oposa 80 mwa 100 alionse sanapitirize kutaya tsitsi m'zaka ziwiri. Ngati minoxidil ndi feteleza, finasteride ndiko kuzula kaufiti, ndipo mlimi aliyense akudziwa kuti kuthira feteleza m'munda wodzaza kaufiti n'kuchedwetsa chabe kulira. N'chifukwa chake ndikaika awiriwa pamodzi, kwa mwamuna amene dazi langomuyamba, ndimaona kuti finasteride ndiye wamkulu, ndipo minoxidil ndi wothandizira. Amaposanso pa kuphweka, chifukwa kumeza piritsi sikulabadira thukuta, fumbi kapena ulendo.

Koma mtengo wake suli m'thumba mokha. Amuna pafupifupi awiri mwa 100 alionse anadandaula za kuchepa kwa chilakolako kapena kufooka m'nyumba, ndipo ngakhale kuti ambiri zimawathera akasiya kumwa, alipo amene amanena kuti vutolo linapitirira, ndi ena amene amakhala osakondwa mumtima. Nkhani imeneyi njoyenera kukambirana ndi dokotala ndiponso ndi akunyumba musanayambe, osati mutayamba kale. Mankhwalawa amatsitsanso ndi theka zotsatira za PSA, kuyeza magazi kumene amafufuzira khansa ya prostate, motero mwamuna wa zaka zopitirira 45 awauze achipatala kuti akumwa. Chachikulu koposa n'chakuti mayi woyembekezera asakhudze piritsi losweka, chifukwa likhoza kuwononga ziwalo zobisika za mwana wamwamuna ali m'mimba. Ndikutsindika izi chifukwa amuna ena amagula la 5 mg n'kulidula panayi kuti asawononge ndalama zambiri, ndipo timafumbi take timatsala pambale kapena pampeni umene mayi agwira madzulo. Kwa amayi a msinkhu wobereka, finasteride si njira yawo. Iwo njira yodziwika ndi minoxidil wopaka, ndipo nawonso amausiya akakhala ndi pakati kapena akamayamwitsa.

Pamene mankhwala awiriwa amafanana ndi pamene pamagwetsa anthu ambiri: mukasiya, tsitsi lonse limene munasunga limapita, la minoxidil m'miyezi itatu kapena inayi, la finasteride chaka chisanathe. Zili ngati nyumba ya lendi. Munthu amene ndalama amazigwira kamodzi pachaka akagulitsa fodya ku Furancungo kapena mbatata ya kachewere ku Tsangano awerengere chaka chathunthu, ndipo afunse kaye ngati famasi imene akudalira, kaya ndi ya ku Tete kaya ndi ya kutsidya ku Dedza kapena ku Lilongwe, imakhala nawo nthawi zonse. Kumwa miyezi itatu n'kudukiza miyezi itatu n'kutaya ndalama. Mabotolo ogulitsidwa pamsika padzuwa, opanda tsiku lothera ntchito, ine sindiwakhulupirira.

Mafuta a nsatsi amafewetsa tsitsi ndi kuliteteza kuti lisaduke, ndipo pa ntchito imeneyo ndi abwino, koma timizu tofooka ndi DHT saticiritsa. Adyo ndi anyezi wosinja zimene ena amapaka zimatha kuwotcha khungu.

Kuwokera tsitsi kumafanana kwambiri ndi kuwokera mbande za fodya. Timizu ta kunkhongo ndi m'mbali sitiopa DHT, ndipo Norman Orentreich anasonyeza mu 1959 kuti tikasamutsidwira patsogolo timasunga khalidwe limeneli. Dokotala amadula kachikopa kunkhongo n'kugawa timizu, kapena amazula kamodzikamodzi. Tsitsi lowokeredwalo limayamba lathothoka, ndipo mutu umaoneka bwino pakatha pafupifupi chaka. Pa njira zonse imeneyi ndi yokhayo imene ingabwezere tsitsi pamalo poti see, koma nazale wake ndi wochepa ndipo sabwerera, komanso tsitsi lakale lozungulira limapitiriza kutha ngati simukumwa mankhwala, mpaka mutu umatsala ndi kachilumba kutsogolo. Tsitsi lathu lopotanali limapindika ngakhale pansi pa khungu, kotero wosalizolowera amadula timizu tambiri pozula, ndipo ambiri a ife khungu lathu limachita zipsera zotupa. Amene akuganiza zopita ku Johannesburg kapena ku Istanbul apemphe kuona zithunzi za anthu a tsitsi ngati lake amene dokotalayo anawakonza.

Patsala mpala, umene mtengo wake ndi wa wometa basi. Kwa munthu wa pa gawo 6 kapena 7, ndiponso kwa amene sakufuna kuika ukwati wake pachiswe ngakhale pang'ono, ndimaona kuti palibe njira youposa. Ine ndili pa gawo 4, ndinasankha minoxidil yekha titakambirana ndi akunyumba, ndipo zithunzi zanga zikusonyeza kuti paliwombo paima koma chipumi chikupitirira kukwera, moti tsiku la mpala likuyandikira. Wometa wanga wandilangiza kale kuti ndizimeta ndi makina osati lumo, chifukwa lumo limachititsa tsitsi lopotana kumera chobwerera m'khungu n'kutulutsa tiziphuphu touma kunkhongo, ndiponso kuti ndigule chipewa chamlomo waukulu ndisanakwerenso basi yotsikira ku Tete.