Batire yotchipa ya laputopu, miyezi itadutsa

Mnzanga wina akufuna kudziwa ngati angagule batire yonga imene ndinaika mu Dell Latitude E6430 yanga nyengo yozizira yapitayi. Si ya opanga laputopuyi, ndi za makampani ena zija, ndipo mtengo wake sunafike theka la yeniyeni.

Zabwino zilipo. Inalowa bwino m'malo mwake, laputopu inailandira, sitentha ndipo sinatupe. Pachomata analemba 11.1V ndi 5200mAh. Mukachulukitsa manambala awiriwa n'kugawa ndi 1000 mupeza pafupifupi 58Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu yonse imene batire imasunga), pomwe yobwera ndi makina, ya nambala T54FJ, ndi ya 60Wh. Masabata oyamba magetsi akazima ndinkagwira ntchito maola atatu osadandaula, ndipo ndinkaitamanda kwa aliyense.

Kutayamba kutentha, khalidwe linasintha. Batire imatsika bwinobwino kuchokera pa 100 mpaka cha m'ma 35, kenako laputopu n'kungozima, phi! Chenjezo palibe. Tsiku lina inandizimira ndili pakati polemba lipoti, magetsi kulibe, ntchito ya m'mawa wonse n'kupita. Pamenepo ndikanakumana ndi wogulitsayo sitikanalankhulana bwino.

Chimene chimachitika ndi ichi. M'kati muli maselo 6 a lithium-ion, obulungira aja otchedwa 18650, lililonse la 3.7V. Amawamanga awiriawiri, magulu atatu motsatizana, n'chifukwa chake 11.1V. Mulinso kabolodi koyang'anira kuti selo lisadzaze kupyola 4.2V kapena kutsika kwambiri. Gulu limodzi likafooka msanga, kabolodi kamadula moto wonse ngakhale magulu enawo akadali ndi mphamvu. Zili ngati ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri, imodzi ikagona ulendo watha. Peresenti imene timaona pakona paja ndi chiyerekezo chabe cha kabolodiko, ndipo maselo akakhala osafanana kamaphonya.

Pa Windows mukatsegula Command Prompt (polembera malamulo) n'kulemba powercfg /batteryreport mumalandira lipoti loonetsa mphamvu imene batire inapangidwira ndi imene ikutha kusunga panopa. Yanga yatsala pang'ono kufika theka. Batire yabwino sikalamba choncho chaka chisanathe, ngakhale kuno kotentha.

Ndinabwerera kushopu ndi risiti. Bambo wogulitsayo anandilandira mwaulemu, ayi ndithu, koma anati waranti inali ya miyezi itatu ndipo yadutsa. Anandiuza kuti ndiichaje mpaka kudzaza, ndiigwiritse ntchito mpaka izime yokha, ndiichajenso. Malangizowo si abodza, amathandiza kabolodi kuwerengera bwino, moti tsopano imandichenjeza isanazime. Koma sabwezera mphamvu m'maselo otopa. Panopa imagwira ola limodzi ndi mphindi zochepa basi. Nditafunsa kuti maselo a m'katimo anapangidwa ndi ndani komanso liti, anangoti katundu amabwera choncho. Funso limenelo si lachabe: lithium-ion imakalamba ngakhale ili pashelefu, makamaka pamalo otentha.

Kwa amene mukufuna kugula, tengerani nambala ya pa batire yakale, osangotchula dzina la laputopu. Ma volt afanane, 10.8V ndi 11.1V ndi gulu limodzi, koma 14.8V ayi. Yerekezani ndi Wh osati mAh yokha. Tengani laputopu kushopu konko, muone lipoti lija musanapereke ndalama, ndipo waranti ailembe parisiti.

Kodi ndinaluza? Masiku amene magetsi alipo ndimati ayi, makinawa ndi akale, kuwagulira batire yodula n'kuwononga. Akazima masana ndimatukwana chamumtima. Wogulitsa wandilonjeza kuchotsera pang'ono ndikatenga ina, koma ndikaphatikiza mitengo ya ziwirizo ndikufika pafupi ndi mtengo wa yeniyeni imene ndinaithawa. Ndamuuza kuti ndigula pokhapokha waranti ikhale ya miyezi 6. Wati afunse kaye abwana ake.