Switch OLED, Switch 2, Steam Deck OLED ndi ROG Ally: sikirini iti imachita chimbuuzi gemu ikathamanga?

Ambirife tikamagula kamakina ka gemu ka m'manja timangoona nambala za pa bokosi, tikaona 1080p (kuthwa kwa chithunzi) ndi 120Hz (sikirini kusintha chithunzi ka 120 pa sekondi) basi mtima uli m'malo, ndalama zatuluka. Ine bokosi ndinasiya kulikhulupirira kalekale. Pa menu paja sikirini iliyonse ndi yokongola chifukwa zinthu zangoima, koma tathamangitsani munthu wanu kumanja mu gemu ya 2D, kapena mutembenuze kamera mwachangu, m'pamene mumadziwa chomwe mwagula. Mitengo ya kumbuyo imayamba kusiya mchira, malemba amasungunuka, pakatha ola maso akuwawa simukudziwanso chavuta n'chani.

Chimbuuzichi chilipo cha mitundu iwiri ndipo anthu amaphatikiza. Choyamba ndi ulesi wa ma pixel eni akewo, timadontho topanga chithunzi pa sikirini. Pa LCD, sikirini yowalitsidwa ndi nyali, pixel imafuna kanthawi kuti isinthe mtundu, ndiye ikachedwa frame (chithunzi chimodzi mwa zambiri zomwe zimasinthana pa sekondi) yatsopano imafika yakale isanafufutike, mumaona ziwiri zitasanjikizana, ndiyo ghosting amanena ija. Chachiwiri sichikhudza ulesi wa pixel olo pang'ono. Sikirini imagwira frame imodzi chiimire pomwe diso lanu likuyenda kutsatira chinthu, ndiye disolo lokha limachipaka chithunzicho. Pa 60Hz frame imakhalapo 16.7 ms (ma ms 1000 ndi sekondi imodzi), pa 90Hz ndi 11.1, pa 120Hz ndi 8.3. OLED, sikirini yomwe pixel iliyonse imadziwalira yokha, imathana ndi choyambacho chifukwa pixel yake imasintha pompopompo, koma chachiwirichi mankhwala ake ndi kuchulukitsa ma frame basi.

Tiyambe ndi apachibale awiri a Nintendo. Switch OLED inatuluka 2021, mainchi 7, 720p, 60Hz, papepala palibe chodabwitsa. Switch 2 inabwera pa 5 June 2025 ndi LCD ya mainchi 7.9, 1080p, yofika 120Hz, ili ndi VRR (sikirini kutsatira liwiro la ma frame a gemu) komanso HDR (kusiyanitsa kwambiri powala ndi pakuda). Mungaganize kuti wamng'onoyu wamugwetsa mkulu wake paliponse, eti? Pa zinthu zoima inde, malemba ndi akuthwa, sikirini ndi yaikulu, gemu zimathamanga bwino chifukwa makina amkati ndi amphamvu kwambiri. Koma a Monitors Unboxed, oyeza masikirini pa YouTube, atayeza anapeza kuti ma pixel ake amatenga pafupifupi 33 ms kuti asinthe, kuchedwa kuposa LCD ya Switch yoyamba ya 2017 ija, ndipo a Digital Foundry, ounika makina a gemu, nawo anadandaula za mchira womwewu. Tangowerengerani nokha, frame ya 120Hz ndi 8.3 ms, ndiye kuti ma frame anayi amadutsa pixel isanamalize ulendo umodzi. 120Hz ija m'zala mumaimva ndithu, mukadina batani zinthu zimayankha msanga, koma diso silidyerera zonse zomwe munalipira. HDR yakenso musayembekezere zambiri, nyali yake ndi ya m'mbali ndipo siyithima malo ndi malo, ndiye chakuda chimakhala chotuwa mukamasewera mumdima. Switch OLED magetsi atathima usiku, aaa, chakuda chimakhala bii ngati sikirini yazima, mitundu ili gwa.

OLED nayo ili ndi kakhalidwe kake komwe osaidziwa amadabwa nako. Gemu zambiri zolemera pa Switch yakale zimayenda pa 30 fps (ma frame 30 pa sekondi), ndipo poti pixel siichedwa, palibe chopaka pakati pa frame ndi inzake, ndiye kamera ikamatembenuka pang'onopang'ono mumaona kudukizadukiza koonekeratu. LCD yaulesi imabisako zimenezo, ngati kupaka mafuta pa khungu lotuwa. Pa 60 fps ndiye palibe mpikisano, OLED ndi yoyera.

Kumbali ya timakompyuta ta m'manja nkhani ndi inanso. Steam Deck OLED ya November 2023 ili ndi mainchi 7.4, 1280x800, 90Hz, ndipo pa HDR imawala kufika ma nits 1000 (nits ndi muyezo wa kuwala). ROG Ally ya 2023, yopangidwa ndi Asus, ili ndi IPS LCD ya mainchi 7, 1080p, 120Hz, ma nits 500, komanso VRR. Iyi ndi LCD yomwe ine sindiinyoza, ndi yachangu, Asus amati 7 ms, ndipo gemu yopepuka ikafikadi 120 fps chimbuuzi cha mtundu wachiwiri chija chimachepa kuposa pa OLED ya 60Hz. Vuto ndi mawu akuti "ikafikadi". Gemu zikuluzikulu za masiku ano pa 1080p sizifika kumeneko pa batire, mumapezeka mukusewera pakati pa 40 ndi 60 fps, ndipo batire ya 40Wh ya Ally yoyamba imatha mukadali ndi chilakolako, n'chifukwa chake Ally X ya 2024 anaiika ya 80Wh. Apa VRR ndi imene imapulumutsa, ma frame akamakwera ndi kutsika sikirini imangotsatira, palibe kung'ambika kwa chithunzi kapena kugwedera.

Steam Deck OLED ilibe VRR pa sikirini yake, ichi ndiye chilema chake chachikulu kwa ine. Chomwe amachita anthu ndi kukhoma ma frame pa nambala yomwe gemuyo ikutha kuigwira osagwa, monga 45 fps sikirini ili pa 90Hz, frame iliyonse imaonetsedwa kawiri ndendende ndiye kayendedwe kamakhala kosalala. Pa Deck yakale ya LCD timakonda 40Hz, ndipo kansamu kake ndi kokoma: 30 fps ndi 33.3 ms, 60 fps ndi 16.7, pakati penipeni ndi 25 ms yomwe ndi 40 fps. Mwangowonjezera ma frame 10 koma mwayenda theka la ulendo.

Ndikamamva ana akudandaula za ghosting ndimaseka pang'ono, chifukwa ife tinakulira pa Game Boy ya 1989, kasikirini kobiriwira ka 160x144 komwe munthu akalumpha umaona ngati alipo atatu. Opanga gemu ena mpaka anapezerapo mwayi, ankathwanimitsa chinthu mwachangu kuti ulesi wa sikirini uchioneketse ngati choonekera mkati, gemu zomwezo mukaziika pa OLED lero zimangophethira. PSP yoyamba ya Sony nayo zakuda zinkasiya mchira wautali, PSP-3000 ya 2008 inakonza liwiro koma anthu n'kuyamba kudandaula za timizere. Ndipo PS Vita yoyamba inali ndi OLED kale mu 2011, kenako ya slim anabwerera ku LCD, mpaka pano ogula zakale amasakasaka yoyambayo.

Ambirife timagula zogwiritsidwapo kale, kapena wachibale akutitengera ku Johannesburg kaya ku UK, ndiye yesani musanapereke ndalama. Ine ndinapusitsidwapo ndi wogulitsa wina mtauni, kamakina koyera bwino kunja koma sikirini anasinthamo yotchipa, ndinazindikira nditafika kunyumba kuti chilichonse choyenda chikukoka mchira ngati nyenyezi yakugwa, kubwerera mawa lake munthu wasamuka pa benchi. Pano ndimatsegula gemu ya 2D, n'kuthamangira mbali imodzi maso ali pa chikwangwani cha kumbuyo, ngati malemba akuwerengeka ndikuyenda ndiye zili bwino. Ngati makinawo ali ndi browser pali tsamba loyezera masikirini la Test UFO la Blur Busters, timbale touluka tija timaulula zonse. Pa OLED onjezaninso izi, ikani chithunzi chotuwa chokhachokha, tsitsani kuwala, muone ngati patsala mthunzi wa ma icon omwe anapsererapo. Komanso ena maso awo sagwirizana ndi kuthwanima kwa OLED kuwala kukatsika kwambiri, mutu umawapweteka, ndiye khalani nayo mphindi zingapo musanavomere.

Ndiye ine ndalama zanga zikupita kuti? Pa chithunzi choyera zinthu zikuyenda, Steam Deck OLED ili patsogolo, 90Hz ndi pixel zachangu pamodzi. Ally ikubwera yachiwiri, ndipo ngati mumakonda gemu zowomberana zopepuka muli pafupi ndi chaja mwina kwa inu ikhala yoyamba. Switch OLED ndimaiyika pamwamba pa Switch 2 pa sikirini yokha, osati mphamvu. Switch 2 mukaigula gulirani gemu zake, ndipo zothamanga kwambiri zija muziseweretsa pa dock (choikapo makinawo polumikiza ku TV) ndi TV yabwino.