Copper sulfate kapena Epsom salt: tiyesere uti potenthetsa?

Timiyala ta michere ina timaoneka touma koma timasunga madzi mkati. Mukatitenthetsa, madziwo amachoka ngati nthunzi. Pofuna kuonetsa ophunzira zimenezi, mungasankhe pakati pa michere iwiri iyi.

Copper sulfate ndi wabuluu. Madzi akachoka amasanduka ufa woyera, ndipo mukadonthezapo madzi ubuluu uja umabwerera, ufawo n'kutentha. Apa ndiye ophunzira amadzuka. Epsom salt amayamba woyera n'kuthera woyera, maso sapeza chonena.

Pa sikelo zinthu zimatembenuka. Magalamu 10 a copper sulfate amataya pafupifupi magalamu 3.6 a madzi. Magalamu 10 a Epsom salt amataya pafupifupi 5.1, kuposa theka!

Epsom salt ndi wotchipa komanso wosaopsa kugwira, kungoti amasungunuka m'madzi ake omwe n'kumathetheka, choncho yambani ndi moto wochepa. Copper sulfate ndi poizoni akamezedwa, ndipo mukamupsereza kwambiri amada, muyeso n'kuonongeka.

Ngati mukufuna ana aone kusintha ndi maso awo, tengani copper sulfate. Ngati phunzirolo ndi loyeza ndi kuwerengetsera, Epsom salt akukwanirani.