Mapu a matabwa a Nyanja ya Malawi atadutsa dzinja limodzi

Bilu ya kalipentala yemwe anakonza mapu a Nyanja ya Malawi omwe ndinagula ndi yomwe yandichititsa kulemba za mapuwa. Ndi a matabwa osanjikiza: pulayiwudi wa mamilimita 3 wodulidwa ndi laser, magawo asanu ndi atatu. Thabwa lapamwamba ndi mtunda, ena onsewo lililonse likuimira mamita 100 a kuya kwa madzi.

Utoto wabuluu sunasuluke. Mayina owotcha pathabwa akuwerengekabe, ndipo Likoma ndi Chizumulu zili pamalo pake. Kumpoto kwa Nkhata Bay ndiye kokoma, matabwa amatsika motsatana ngati masitepe mpaka pomwe nyanjayi imapitirira mamita 700. Koma kummwera, kulowera ku Mangochi komwe Shire amatulukira, madzi safika mamita 100, choncho dera lonselo ndi thabwa limodzi losalala. Kumeneko n'komwe kuli chambo, malo osambira ndi alendo ambiri. Wodula akanaikako mizere ya mamita 20 ndi 50.

Vuto lenileni ndi chinyezi. Kumbuyo kwa mapu anaikako MDF (thabwa la utuchi wopanikizidwa) yosapaka kanthu, vanishi anangopaka kumaso. Mvula itakhazikika mu Januwale, khoma la njerwa linayamba kutulutsa chinyontho, MDF ija n'kumwa, n'kufufuma, n'kupindika pakati. Pulayiwudi safufuma mofanana ndi MDF, ndiye ziwirizi zimakokana. Guluu nayenso anali wamba, wodontheza apa ndi apo m'malo mopaka thabwa lonse. Poyamba panamatuka pansonga ya Nankumba, cha ku Cape Maclear, kenako tizilumba ta Domwe ndi Thumbi, chifukwa tizidutswa tating'ono tilibe malo okwanira ogwira guluu. Ukadina ndi chala pamabwerera, m'mawa mwake padzukanso.

Kukonza kwake kumatheka. Chotsani mapu mufelemu, aume pamthunzi sabata imodzi. Padzuwa amapindika moonjeza. Palani guluu wakale ndi kampeni, lowetsani guluu wa matabwa wa D3 (wopirira chinyezi) pogwiritsa ntchito sirinji, yalani pulasitiki pamwamba, ikanipo thabwa losalala ndi kupanikiza maola 24. Super glue ayi, amasiya zoyera pautoto ndipo amasweka thabwa likasuntha. MDF ichoke, palowe pulayiwudi wa mamilimita 6, wopaka vanishi kawiri mbali zonse, makamaka m'mphepete momwe madzi amalowera. Kumbuyo kwa felemu khomani timatabwa ta mamilimita 10 kuti mphepo izidutsa pakati pa mapu ndi khoma.

Akakonzeka amakongoladi, mpaka mtima umafuna kukhululuka. Chondiwawa ndi wogulitsa. Chitsimikizo chake (waranti) ndi cha miyezi itatu, kotero wogula m'chilimwe amapezeka chatha mvula isanagwe. Nditamutumizira zithunzi anati khoma langa ndilo lolakwa, ndipo ngati ndikufuna awaone ndilipire ndekha zotumizira, popita ndi pobwera. Ndalama ya kalipentala ndi zipangizo yafika pafupifupi kotala ya mtengo wogulira, pa ntchito yomwe akanaichita iye ndi burashi imodzi ya vanishi.

Pamtengo umenewo sindingagulenso kwa iye. Kwa wina ndingagule, pokhapokha atanditembenuzira mapu ndione kumbuyo, atchule guluu yemwe amagwiritsa ntchito, ndipo alembe parisiti kuti chitsimikizo chikufika mwezi wa Epulo.