Webusaiti ya loji ya amalume ku Senga Bay, patatha miyezi 8

Papita miyezi 8 chipangireni webusaiti ya loji ya amalume anga ku Senga Bay, ndiye tsopano ndinganene zomwe ndaona ndi maso anga.

Poyamba ndinaimanga yonse ndi React, chida cha JavaScript (chilankhulo cholembera makodi a mawebusaiti) chomwe a Facebook anatulutsa mu 2013. Pa laputopu yanga inkakongola zedi, zithunzi za nyanja zikusinthana, kalendala yobukira chipinda ikuyankha pompopompo. Chomwe sindinaganizire n'chakuti ntchito yonse imagwera foni ya kasitomala. Foniyo iyambe yakoka makodi onse, iwawerenge, kenako ndiye ionetse mitengo. Alendo ochokera ku Lilongwe okhala ndi Wi-Fi sankadandaula. Koma mphunzitsi wa ku Chipoka kapena ku Khombedza, wofuna malo ochitira msonkhano, ankangoona tsamba loyera mbee uku bandulo ikutha. Ena amagwiritsa ntchito Opera Mini, bulawuza (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti) yomwe imayamba yadutsitsa tsamba pa maseva ake (makompyuta otumiza masamba) kuti data isathe msanga, ndipo kwa iwowa batani langa lobukira silinkagwira n'komwe.

Tsiku lina amalume anandiitana. "Mphwanga, anthu akungoimbabe foni kufunsa mitengo. Nanga chija unapanga chija n'chachiyani?" Zinandiwawa chifukwa ankanena zoona.

Mwezi wachitatu ndinagwetsa n'kuyambiranso. Mtima wanga unali pa chilankhulo cha Python, chifukwa makodi ake amawerengeka bwino ngakhale utawasiya chaka. Komabe ndinasankha chilankhulo china, PHP: malo otchipa osungira mawebusaiti amakhala nayo kale, ndipo popeza WordPress, pulogalamu yotchuka yopangira mawebusaiti, imayendera PHP yomweyo, wodzakonza ine kulibe sadzasowa. Tsopano seva imaphika tsamba lonse, foni imangolandira zakupsa.

JavaScript sindinaitaye. Imawerengera kasitomala mtengo akasankha masiku, imamuuzanso ngati nambala ya foni yaperewera asanatumize fomu. Pa tintchito ngati timeneti palibe choiposa, poti ndi chilankhulo chomwe mabulawuza amamva okha popanda kuikamo china. Koma mtengowo seva imauwerenganso payokha, chifukwa makodi a mu bulawuza aliyense angathe kuwasintha, chipinda n'kulipiridwa mtengo wa mandasi.

Chotsala ndi zithunzi. Amalume amafuna chilichonse chojambulidwa m'mbali mwa nyanja chikwere, ndipo zimalemera. Loweruka lino ndikupita kukakhala nawo pansi kuti tisankhe khumi zokha.