Lee kapena Grant: ndani ankaidziwadi nkhondo?

Anzanga amene timakonda kucheza za mbiri yakale sakundipumitsa ndi funso ili: pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, katswiri weniweni anali ndani pakati pa Robert E. Lee wa kumwera ndi Ulysses S. Grant wa kumpoto? Ambiri amafunsa yankho ali nalo kale mumtima. Amati Lee ndiye anali ndi nzeru, Grant anangopambanira unyinji. Nyimbo imeneyi ndimaidziwa, chifukwa buku lina lomwe ndinagula m'mbali mwa msewu linkaimba yomweyo: masamba ndi masamba kutamanda ulemu wa Lee ndi kavalo wake wotuwa, koma za akapolo timizere towerengeka. Ndalama imeneyo imandiwawabe. Ndiye ndiyankhe kamodzi mokwanira, ndipo sindibisa, ine ndili mbali ya Grant.

Zoti onse awiri anaphunzira usilikali ku West Point ndi kumenya nawo nkhondo ya ku Mexico, sindichedwapo. Chofunika ndi zomwe aliyense anali nazo m'manja. Kumpoto kunali anthu pafupifupi 22 miliyoni, mafakitale ndi njanji zambiri. Kumwera kunali anthu 9 miliyoni, ndipo mwa iwo 3.5 miliyoni anali akapolo. Koma a kumwera sankafunika kulanda dziko la munthu. Iwo kunali kungopirira mpaka a kumpoto atatopa ndi maliro n'kuwasiya adziimire paokha. Ntchito yolemera inali ya a kumpoto, yolowa m'dziko lalikulu chotero n'kuligonjetsa lonse. Choncho chuma chomwe Lee ankayenera kuchisunga koposa chinali asilikali ake, poti wakufa mmodzi kunalibe womulowa m'malo.

Pa tsiku lenileni la nkhondo, mfuti zikulira, Lee ndimamuvulira chipewa. Anatenga utsogoleri mu June 1862 adani ali pakhomo pa Richmond, likulu la a kumwera, ndipo mwezi usanathe anayamba kuwakankhira kutali. Ku Chancellorsville mu May 1863 anali ndi asilikali 60,000, mdani wake Hooker ali ndi 130,000, koma iye anagawa gulu lake lochepalo, n'kutumiza Stonewall Jackson, mmodzi wa akuluakulu a asilikali ake, kuzungulira m'nkhalango kukatulukira kumbali komwe adani ankaphika chakudya chamadzulo osayembekezera kanthu. Grant alibe tsiku lokongola ngati limenelo. Ku Shiloh mu April 1862 iyeyo ndiye anadzidzimutsidwa, ndipo anatsala pang'ono kukankhidwira mumtsinje wa Tennessee.

Koma tiwerenge mtengo wake, chifukwa apa ndi pamene otamanda Lee amadumphapo. Zipambano zake zinali ngati ngongole ya katapila: lero ndalama ili m'manja, nkhope yawala, koma chiwongoladzanja chikudya munda. Pa masiku asanu ndi awiri aja opulumutsa Richmond, Lee anataya anthu pafupifupi 20,000, kuwerenga ophedwa, ovulala ndi ogwidwa, pamene McClellan, mkulu wa asilikali a kumpoto amene ankathawayo, anataya 16,000. Ku Chancellorsville komwe timatamako anataya 13,000, kuposa munthu mmodzi pa asanu alionse, pamene Hooker anataya 17,000 pa gulu loposa kawiri kukula kwake. Jackson yemwe anawomberedwa mumdima ndi asilikali ake omwe, n'kumwalira pa 10 May. Adani anawoloka mtsinje kubwerera kwawo, gulu lawo lili lamoyo, ndipo patangotha miyezi iwiri linali kumudikira ku Gettysburg.

Maulendo ake awiri olowa kumpoto ndi amene amandipweteka mutu kwambiri. Woyamba unathera ku Antietam pa 17 September 1862, tsiku lomwe mbali zonse ziwiri pamodzi zinataya anthu pafupifupi 23,000. Lee anabwerera, ndipo kubwerera kwakeko n'kumene kunapatsa Abraham Lincoln, pulezidenti wa America, mpata wolengeza, patapita masiku asanu, kuti akapolo a m'madera oukirawo adzakhala mfulu kuyambira pa 1 January 1863. Kuchokera pamenepo chiyembekezo choti Britain ingathandize a kumwera chifukwa cha thonje chinayamba kuzilala. Ulendo wachiwiri ndi wa Gettysburg. Pa 3 July 1863, Longstreet, wachiwiri wake wodalirika, atamuchenjeza kuti sizitheka, Lee anatumiza anthu pafupifupi 12,000 kudutsa m'minda yoyera, mtunda woposa kilomita, kulunjika pa mizinga ndi mfuti zobisala kuseri kwa mpanda wa miyala. Pafupifupi theka anagwa kapena kugwidwa. Mawa lake mvula ikukhuthuka, ngolo zonyamula ovulala zinayamba ulendo wobwerera ku Virginia, mndandanda wake wotalika makilomita 27, anthu othyoka mafupa akugunyuzidwa pa matabwa usiku wonse. Lee anavomera kuti kulakwa kunali kwake, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho. Koma anthu oposa 20,000 amene anataya pa masiku atatu amenewo sanabwerenso.

Tsopano taonani zomwe zinkachitika kumadzulo pa nthawi yomweyo. Mu May 1863 akuluakulu ku Richmond anakambirana zotumiza ena mwa asilikali a Lee kukathandiza kumeneko, poti mzinda wa Vicksburg, chotsekera cha mtsinje wa Mississippi, unali pangozi. Lee anakana, n'kukopa Jefferson Davis, pulezidenti wa a kumwera, kuti bola kulowa mu Pennsylvania. Maso ake sankachoka pa Virginia, kwawo.

Grant anali atavutika miyezi yambiri ndi Vicksburg. Anakumba ngalande, anayesa kudzera m'madambo, zonse zinakanika, manyuzipepala akumunena kuti ndi chidakwa achotsedwe. Kenaka anachita chinthu chomwe ngakhale Sherman, bwenzi lake komanso mmodzi wa akuluakulu a asilikali ake, ankachiopa. Anayendetsa asilikali pansi kutsidya la Louisiana kulowera kumwera, sitima zankhondo za a kumpoto zotsogozedwa ndi Porter n'kudutsa usiku pansi pa mizinga ya mzindawo, ndipo pa 30 April anawolokera kutsidya la adani, kumunsi kwa Vicksburg, komwe sankamuyembekezera. M'malo molunjika pa mzindawo anayamba walowa mkati mwa dziko, asilikali akudya zambiri zomwe apeza m'minda, nalanda mzinda wa Jackson kuti adule njanji ndi thandizo, kenaka n'kutembenuka. Pasanathe milungu itatu anali atapambana nkhondo zisanu ndipo Pemberton, mkulu wa asilikali a kumwera kumeneko, anali atatsekeredwa mu Vicksburg. Kawiri Grant anayesa kuthyola malinga mwamphamvu, kawiri konse anabwezedwa ndi magazi, ndiye anangouzinga mzindawo. Anthu a mumzindamo anakumba mapanga m'zitunda kuthawa mabomba, ena mpaka kudya nyama ya abulu. Pa 4 July, tsiku lomwe ngolo za Lee zinkanyamuka ku Gettysburg, asilikali pafupifupi 30,000 anatula zida pansi. Grant anali atataya anthu pafupifupi 10,000 pa ulendo wonsewo. Port Hudson itagwa pa 9 July, mtsinje wonse unali m'manja mwa a kumpoto, ndipo Texas ndi Arkansas zinaduka ku thupi la dziko la kumwera. Amene amati Grant ankangodalira unyinji andiuze kuti unyinjiwo uli pati m'nkhani imeneyi.

Kupatula asilikali pafupifupi 12,000 amene Jackson anawagwira ku Harpers Ferry mu September 1862, Lee sanagwirepo gulu lalikulu lankhondo lathunthu. Grant anagwira atatu: ku Fort Donelson mu 1862, ku Vicksburg, ndi la Lee yemweyo.

Sikuti Grant alibe banga. Atapatsidwa ulamuliro wa magulu onse mu March 1864, anakonza zoti onse anyamuke nthawi imodzi, Sherman kulunjika Atlanta, iye kukakamira pa Lee osamupatsa mpata wopuma. Njirayo inali yolondola, koma mtengo wake unali wowopsa: anthu pafupifupi 55,000 m'milungu isanu ndi umodzi. Ku Cold Harbor pa 3 June anatumiza anthu pa maenje okumbidwa bwino, zikwi zinagwa m'mawa umodzi popanda phindu, ndipo ovulala anagona padzuwa pakati pa magulu awiriwo mpaka pa 7 June akuluakulu awiriwa akulemberana makalata okangana za kaimitsidwe ka nkhondo. Ambiri anafera pomwepo ndi ludzu. Chimenecho sindimukhululukira, monganso lamulo lake la mu December 1862 lothamangitsa Ayuda m'dera lomwe ankalamulira, lomwe Lincoln analifafaniza msanga. Kusiyana kwake n'kwakuti magazi a mu 1864 anagula kanthu. Patangopita masiku ochepa Grant anazemba, nawolotsa gulu lake mtsinje wa James pa zombo ndi pa mlatho woyandama wa mamita oposa 600, Lee osadziwa bwino komwe walowera. Kuyambira pamenepo Lee anamangika m'maenje a Petersburg miyezi isanu ndi inayi, osatha kuthandiza wina aliyense, pamene Sherman ankalanda Atlanta mu September n'kupulumutsa Lincoln pa chisankho cha mu November.

Pa kukondedwa ndi asilikali, Lee ali patsogolo, poti anthu ake ankamutsata ngakhale opanda nsapato. Pa kumvera atsogoleri a boma, onse awiri anali bwino. Pa kathetsedwe ka nkhondo onse anachita zaumunthu: ku Appomattox pa 9 April 1865 Lee anakana maganizo oti asilikali abalalikire m'tchire kukapitiriza nkhondo yobisalira, ndipo Grant anawalola kupita kwawo ndi akavalo awo kuti akalime, n'kuwapatsanso chakudya. Lee anatsekeredwa njira pamenepo akulowera ku Lynchburg, mzinda womwe John Chilembwe anadzaphunzirako patapita zaka zoposa makumi atatu, pa sukulu ya Abaptist achikuda.

Chatsala ndi chimene chimandipangitsa kuti ndisathe kumutama Lee ndi mtima wonse, ngakhale akanapambana nkhondo zonse. Gulu lake litalowa mu Pennsylvania mu June 1863, asilikali ake ankasaka anthu akuda m'madera a Chambersburg, Mercersburg ndi Greencastle, amayi ndi ana omwe, ena obadwa mfulu, n'kuwakusa kupita nawo kumwera ku ukapolo. Ena anganene kuti zimenezi ndi za chikhalidwe, sizikhudza luso la nkhondo. Zikukhudza. Akapolo ndiwo ankalima chakudya cha asilikali a kumwera, kukumba malinga ndi kuyendetsa ngolo, ndipo aliyense wothawira kumpoto ankafooketsa mbali imodzi n'kulimbitsa inayo. Grant sanali mngelo pa nkhaniyi, pakuti anakwatira m'banja la eni akapolo ndipo iye mwini anakhalapo ndi kapolo mmodzi, yemwe anamumasula mu 1859 pa nthawi yomwe anali pa umphawi. Koma anaona msanga mphamvu yomwe inali mwa anthuwa, makamaka atamva momwe anamenyera ku Milliken's Bend pafupi ndi Vicksburg. Pomatha nkhondo, anthu akuda pafupifupi 180,000 anali atavala yunifolomu ya kumpoto. A kumwera anadzavomera zopatsa akapolo mfuti mu March 1865, kutatsala mwezi umodzi kuti zonse zithe.

Mu October 1864 Lee analembera Grant kupempha kuti asinthane akaidi. Grant anafunsa ngati asilikali akuda adzabwezedwa chimodzimodzi ndi azungu. Lee anayankha kuti amene anali akapolo a nzika za kumwera sangalowe m'kusinthanako. Grant anakana zonse. N'zoona kuti iye ankadziwanso kuti kusinthana kumabwezera adani asilikali, ndipo anali atalembapo zimenezo. Koma funso analifunsa, ndipo Lee, amene ankasowa munthu aliyense wogwira mfuti m'maenje a Petersburg, analolera kusiya anthu ake m'ndende za kumpoto kusiyana n'kuvomera kuti kapolo wothawa ndi msilikali. Mkangano umenewu unali utaimitsa kusinthana akaidi kuyambira 1863, ndipo ku ndende ya Andersonville kokha kunafa akaidi a kumpoto pafupifupi 13,000. A kumwera anadzavomera kusinthana akaidi onse mosasankha khungu mu January 1865.